WiFi ikakana pa Linux, musathamangire kufufuta

Nkhani yake imayenda chonchi pafupifupi nthawi zonse. Munthu wapeza laputopu ya kaunjika, kaya wagula kaya amupatsa achimwene ake. Windows yomwe ilimo ikuchedwa moti ukadina chinthu umatha kukamwa madzi n'kubwera chisanatseguke. Mnzake akumuuza kuti aikemo Linux, ndi yaulere, ndi yopepuka. Waika. Sikirini ikuwala bwino, kiyibodi ikulemba, nyimbo zikumveka. Koma pakona paja pamene pamaoneka timizere ta WiFi palibe chilichonse, ngakhale netiweki imodzi. Tsiku lomwelo mlandu wagamulidwa: "Linux njabodza, ilibe WiFi." Mawa lake laputopu ili kwa okonza makompyuta, akubwezeretsamo Windows ya m'njira za chinyengo.

Ine ndikuti chigamulo chimenechi n'cholakwika, ndipo wophunzira wa sayansi ndiye woyamba amene sayenera kuchivomereza. Linux ili ndi WiFi. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanumo ikuyendera mtima wa Linux, womwe akatswiri amautcha kernel, ndipo imalumikizika pa WiFi tsiku lililonse. Ma router ambiri amene amagawa WiFi m'maofesi ndi m'nyumba akuyendera Linux yomweyo. Ndiye funso loyenera si lakuti Linux ili ndi WiFi kapena ayi. Funso ndi lakuti, m'laputopu iyiyi, ndi chiyani chenicheni chimene chikusowa? Funso lotere lili ndi yankho, ndipo mutha kulipeza nokha.

Nkhaniyi siyachibwana. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, kutanthauza kuti mabowo atsopano a chitetezo sakumatidwanso kwa aliyense ngati kale. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, ndipo malaputopu akale ambiri sakwanitsa zimenezi ngakhale akugwira ntchito bwinobwino. Malaputopu amenewa ndi omwe ambiri a ife tingakwanitse kugula. Ngati Linux ingawapatse zaka zina za moyo, ndiye kutaya mtima chifukwa cha WiFi yokha n'kutaya kompyuta yonse chifukwa cha kafayilo kamodzi kosowa.

Tiyambe ndi fizikisi, pajatu ndi ntchito yanga. WiFi ndi wailesi basi. Si matsenga, si "intaneti ya mumpweya". Ndi mafunde amtundu womwewo ndi omwe amabweretsa nyimbo pa wailesi ya FM, ndiponso ndi a banja limodzi ndi kuwala. Amasiyana pa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi, chomwe m'kalasi timati frequency. Wailesi ya FM imaulutsa cha m'ma 100 MHz. WiFi yambiri imagwiritsa ntchito 2.4 GHz ndi 5 GHz, kutanthauza mafunde 2,400,000,000 kapena 5,000,000,000 pa sekondi.

Inu amene mwaphunzira kale za mafunde, tengani v = fλ ija. Liwiro la mafundewa ndi mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawani ndi 100 MHz, mupeza utali wa funde wa mamita 3. Gawani ndi 2.4 GHz, mupeza mamita 0.125, omwe ndi masentimita 12.5. Pa 5 GHz mupeza masentimita 6. Nanga n'chifukwa chiyani wailesi ya agogo ili ndi eriyo yaitali yokoka, pomwe ya laputopu simuiona n'komwe? Eriyo yosavuta imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa funde. Ya FM ndiye imafika masentimita 75, pomwe ya WiFi ya 2.4 GHz ndi masentimita atatu okha. Pa malaputopu ambiri amaibisa m'chivundikiro, pamwamba pa sikirini, ndipo timawaya tiwiri topyapyala timadutsa pa hinji kupita ku kakhadi kakang'ono kamene kali mkati. Kungonena modutsa, uvuni wa microwave umatenthetsa chakudya ndi mafunde a 2.45 GHz, pafupi kwambiri ndi WiFi, n'chifukwa chake nthawi zina ukayatsidwa netiweki yapafupi imasokonezeka.

Pa kakhadi kaja pali kachipu. Ntchito yake ndi kusandutsa ma 0 ndi ma 1 kukhala mafunde, ndi kusandutsa mafunde obwera kukhala ma 0 ndi ma 1. Koma sikangolankhula chisawawa. Zipangizo zambiri zimagawana mpweya womwewo, choncho kachipu kamayamba kamvetsera ngati wina akulankhula, kenaka n'kudikira nthawi yake. Kakalandira uthenga, kamayenera kuyankha kuti "ndamva" pakangodutsa ma microsecond 10 kapena 16, malinga ndi mtundu wa WiFi. Microsecond imodzi ndi sekondi yogawidwa m'zigawo 1,000,000. Purosesa yaikulu ya kompyuta, yomwe ili yotanganidwa ndi kanema wanu ndi zina zambiri, siingadaliridwe pa changu chotere. N'chifukwa chake machipu ambiri a WiFi ali ndi kapurosesa kawokawo mkati. Mwachidule, ndi kakompyuta kakang'ono mkati mwa kompyuta.

Apa ndi pamene pali mawu awiri amene muyenera kuwasiyanitsa, chifukwa anthu ambiri, ngakhale ena okonza makompyuta, amawasakaniza. Oyamba ndi driver. Musaganize za dalaivala wa minibasi. Driver ndi pulogalamu imene imakhala mu kernel, ndipo imadziwa chilankhulo cha kachipu kamtundu wakutiwakuti: uthenga uikidwe pati, yankho liwerengedwe pati. Achiwiri ndi firmware. Iyi ndi pulogalamu imene imayenda pa kapurosesa ka mkati mwa kachipu kaja. Machipu ambiri sasunga firmware yawo magetsi akazima. Ali ngati mmisiri waluso amene m'mawa uliwonse amadzuka ataiwala ntchito yonse, ndipo sangagwire chilichonse mpaka wina atamubweretsera buku lake la malangizo. Wobweretsa bukulo ndi driver, ndipo pa Linux amakalitenga mu foda ya /lib/firmware nthawi iliyonse mukayatsa kompyuta. Driver ikasowa, palibe wolankhula ndi mmisiri. Driver ikakhalapo koma buku palibe, mmisiri amangokhala chete. Inu pa sikirini mumaona zofanana, WiFi palibe, koma matendawo ndi awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Nanga bwanji pa Windows zimangoyenda zokha? Sizimangoyenda zokha. Kampani yopanga kachipu imalemba driver ya Windows, ndipo wopanga laputopu amaiikiratu asanagulitse. Aliyense amene anaikapo Windows yatsopano pa laputopu yopanda kanthu akudziwa kuti nayonso nthawi zina imadzuka yopanda WiFi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa zaka zambiri makampani ena sankalembera Linux driver, ndipo sankafunanso kuulula momwe machipu awo amagwirira ntchito kuti ena alembe.

Mbiri ya nkhaniyi imandisangalatsa chifukwa ndi mbiri ya anthu amakani. Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Muyezo woyamba wa WiFi, IEEE 802.11, unatuluka mu 1997, ndipo 802.11b ya mu 1999 ndi imene inafalitsa WiFi pakati pa anthu wamba. M'zaka zotsatira, kukhala ndi laputopu ya Linux yolumikizika pa WiFi chinali chipsinjo. Mu 2003 kunabwera pulogalamu yotchedwa ndiswrapper, imene inkanamiza driver ya Windows kuti ili kwawo pomwe ili pa Linux. Inkathandiza, koma driver ikachita zosayenera palibe amene akanatha kuikonza, chifukwa palibe amene ankaona mkati mwake.

Pa machipu a kampani ya Broadcom anthu odzipereka anachita chinthu chimene ndimafuna wophunzira aliyense wa sayansi atachidziwa. Anadzigawa m'magulu awiri. Gulu loyamba linkafufuza driver yotsekedwa ya kampaniyo n'kumalemba m'mawu momwe kachipu kamagwirira ntchito. Gulu lachiwiri linkawerenga zolembazo zokha n'kulemba driver yatsopano kuyambira pachiyambi, kuti wina asadzanene kuti anakopera. Zotsatira zake ndi driver yotchedwa bcm43xx, yomwe inalowa mu kernel mu 2006, ndipo kenaka inalowedwa m'malo ndi b43. Firmware ndiye inali vuto lina, chifukwa analibe chilolezo choigawa. Anapanga kachida kotchedwa b43-fwcutter, kamene kamadula firmware kuichotsa mu driver ya kampaniyo pa kompyuta yanu yomwe. Broadcom inadzatulutsa driver yotseguka ya machipu ake ena atsopano mu 2010.

Kampani ya Atheros inayenda njira ina. Mu 2008 inatulutsa driver yotseguka yotchedwa ath9k, ndipo machipu amene amagwiritsa ntchito driver imeneyi safuna fayilo ya firmware n'komwe. Mu 2013, Atheros itagulidwa kale ndi Qualcomm, anatsegulanso firmware ya kachipu ka USB kotchedwa AR9271. Intel nayo imalemba yokha driver yake ya Linux, iwlwifi, ngakhale firmware yake ndi yotsekedwa. Lero machipu ambiri amayenda pompopompo mukangoika Linux. Amene amavutitsabe kwambiri ndi ena akale a Broadcom, tizipangizo tina ta USB totsika mtengo tokhala ndi machipu a Realtek, ndi machipu atsopano kwambiri amene driver yake ili mu kernel yatsopano kuposa imene mwaika.

Ndiye WiFi ikakana, muchite chiyani? Muchite zomwe timachita mu labu: onani kaye, lembani zomwe mwaona, musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Choyamba dziwani kachipu kanu. Dzina la laputopu silithandiza kwenikweni, chifukwa malaputopu awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi makhadi osiyana. Ngakhale bokosi limasocheretsa. Chitsanzo chodziwika ndi kachipangizo ka USB ka TP-Link kotchedwa TL-WN722N. Mtundu wake woyamba, v1, unali ndi kachipu ka Atheros AR9271 kaja, ndipo pa Linux unkangoti ukalowetsa basi wayamba. Mitundu ya v2 ndi v3 ili ndi dzina lomwelo ndi maonekedwe omwewo, koma mkati muli kachipu ka Realtek, komwe kamafuna driver ina. Anthu ambiri anagula atamva kuti "aka kamayenda pa Linux" n'kupeza kuti agula chinthu china. Choncho funsani kompyuta yomwe. Tsegulani Terminal, lembani lspci -nnk ngati khadi ili mkati, kapena lsusb ngati ndi kachipangizo kolowetsa. Mupeza mzere wokhala ndi manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Nambala yoyamba ndi ya kampani: pa lspci, 8086 ndi Intel, 14e4 ndi Broadcom, 168c ndi Atheros, 10ec ndi Realtek. Yachiwiri ndi ya kachipu kenikeniko. Lembani manambalawa m'kope. Pansi pake, lspci -nnk imakuuzaninso ngati pali driver imene ikugwira ntchito pa khadilo. Mzere umenewo ukasowa, mwapeza kale matenda oyamba aja.

Musanapite patali, yesani chinthu chophweka chimene anthu ambiri amachidumpha. Lembani rfkill list. Malaputopu akale ambiri ali ndi kaswitchi m'mbali, kapena batani la Fn lokhala ndi chithunzi cha eriyo kapena ndege, lozimitsira wailesi. Ikakuuzani kuti hard blocked ndi yes, vuto ndi swichi, ndipo ngakhale mutaika ma driver khumi palibe chisinthe. Ikati soft blocked, lamulo la rfkill unblock all limatsegula. Kenaka lembani sudo dmesg | grep -i firmware. Apa mukuwerenga buku limene kernel imalembamo zonse zochitika kuyambira pamene mwayatsa. Ngati firmware ikusowa, nthawi zambiri imakuuzani dzina lenileni la fayilo imene yalephera kuipeza. Taganizani, kompyuta ikukuuzani yokha chimene ikufuna, munthu n'kuifufuta osawerenga.

Pali msampha umodzi woseketsa. Kuti mukonze WiFi mufunika kukopera fayilo pa intaneti, koma intaneti mulibe chifukwa WiFi siikuyenda. Njira yotulukira ili m'thumba mwanu. Lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB, mutsegule USB tethering pa foniyo, ndipo Linux imaiona ngati netiweki ya waya popanda kuikamo china chilichonse. Mafayilo ambiri a firmware ya WiFi ndi aang'ono, sangakuthereni bandulo. Chimene chimatha bandulo ndi kulola kompyuta kuti ikopere zatsopano zonse nthawi imodzi, ndiye ikani chimene mukufunacho chokha, zinazo mudzachite mukapeza WiFi. Pa Ubuntu pali chida chotchedwa Additional Drivers, pa Linux Mint pali Driver Manager, ndipo pa machipu ambiri a Broadcom kungodina pamenepo n'kuyatsanso kompyuta kumakwanira. Ngati mwaika driver yochokera kunja kwa kernel koma ikukana kudzuka, onani Secure Boot mu BIOS, chifukwa imakana ma driver opanda siginecha yovomerezeka.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kukopera malamulo khumi kuchokera pa intaneti n'kuwathira onse mu Terminal osadziwa kuti lililonse likuchita chiyani. WiFi ikayamba, simudziwa chimene chathandiza. Ikapanda kuyamba, simudziwa chimene mwaononga. Mu labu, mukasintha utali wa waya ndi kunenepa kwake nthawi imodzi, simungandiuze chimene chasintha resistance. Pano lamulo ndi lomwelo.

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mfundo. Wina anena kuti, "Aphunzitsi, ine ndili ndi MSCE, ndilibe nthawi yolimbana ndi Terminal." Ndikumva. Ngati mayeso ali sabata yamawa ndipo manotsi anu onse ali m'laputopuyo, musakhudze chilichonse. Si nthawi yake. Ndipo ngati sukulu kapena ntchito ikufuna pulogalamu imene imayenda pa Windows yokha, Linux siyankho lanu, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma kufufuza kumene ndafotokozaku ndi kwa mphindi zochepa, ndipo mutha kukuchita osafufuta kanthu. Linux zambiri zimatha kuyenda kuchokera pa fulashi osaikidwa m'kompyuta. Mumaiyatsa, mumaona ngati WiFi ikuoneka, mukachotsa fulashi zonse zimabwerera mwakale.

Makampani nawo ali ndi chodzitetezera. Amati wailesi si chinthu choseweretsa, ndipo akatsegula zonse anthu adzakweza mphamvu kapena kulowa m'mafunde oletsedwa. Pali choonadi pamenepa. Dziko lililonse lili ndi bungwe loyang'anira mafunde, ku America ndi FCC, kuno ku Malawi ndi MACRA, ndipo malamulo amasiyana. Pa 2.4 GHz, zipangizo za ku America zimagwiritsa ntchito matchanelo 1 mpaka 11, maiko ena ambiri amafika pa 13. Pa 5 GHz, mbali ina ya mafunde imagawanidwa ndi ma radar, kuphatikizapo oona za nyengo, ndipo chipangizo cha WiFi chikamva radar chiyenera kuchoka pa tchanelocho. Munthu wosokoneza radar ya nyengo akuseweretsa miyoyo ya anthu. Komabe sindikhutira kuti chinsinsi ndiye njira yokhayo. Linux ili ndi mndandanda wa malamulo a mafunde a maiko osiyanasiyana, ndipo kernel imautsatira. Lembani iw reg get muone dziko limene kompyuta yanu ikuganiza kuti ili. Driver ya ath9k yakhala yotseguka kuyambira 2008. Kwa ine izi zikusonyeza kuti kumvera malamulo ndi kutsegula n'zotheka zonse pamodzi, ndipo kuti chinsinsi china ndi cha malonda chabe. Vuto la chinsinsi limaoneka bwino kampani ikasiya kusamala kachipu kakale. Kachipuko kakadali kamoyo, koma palibe wina amene angakonze pulogalamu yake. Ndipo amene amatsala ndi machipu akale ndi ife ogula kaunjika.

Anthu a Linux nawonso sindingawasiye osawadzudzula. Kwa zaka zambiri Debian, imodzi mwa Linux zakale ndi zolemekezeka kwambiri, yomwenso Ubuntu inachokerako, sinkaika firmware yotsekedwa pa chimbale chake chovomerezeka, chifukwa cha mfundo yake yakuti pulogalamu iliyonse ikhale yotseguka. Mfundoyo ndimailemekeza. Koma zotsatira zake zinali zakuti munthu watsopano ankaika Debian n'kupeza WiFi palibe, pa laputopu yopanda ngakhale bowo la waya wa netiweki. Munthu wotere saphunzira za ufulu wa mapulogalamu, amangothawa. Mu 2022 mamembala a Debian anavota kusintha zimenezi, ndipo Debian 12, yomwe inatuluka mu Juni 2023, inabwera ndi firmware yotere m'kati mwa choikira chake, itaikidwa m'gawo lakelake lotchedwa non-free-firmware kuti aliyense adziwe chimene akulandira. Ena anati agonja. Ine ndikuti anachita bwino, chifukwa sanabise kanthu ndipo anatsegulira khomo anthu amene alibe njira ina yolowera pa intaneti.

Pali nthawi zina pamene kachipu kamakanadi, mwayesa zonse mwadongosolo koma osatheka, kapena kamalumikizika n'kumaduka mphindi zilizonse. Apo musadzizunze kwa mwezi wathunthu. Pa malaputopu akale ambiri khadi la WiFi limachoka: kasikuluwu kamodzi kapena tiwiri, ndi timawaya ta eriyo tija, timene muyenera kutizula mosamala chifukwa timitu take sitichedwa kuthyoka. Khadi la Intel kapena Atheros lochokera mu laputopu ina yakufa limatha kulowa m'malo mwake, bola bowo likhale lofanana, chifukwa pali mini PCIe ndi M.2 ndipo sizilowana. Chenjerani kuti malaputopu ena akale ali ndi BIOS imene imakana khadi lililonse losakhala pa mndandanda wa wopanga, ndiye fufuzani za mtundu wanu musanagule. Chotsani batire ndi chaja musanatsegule, ndipo ngati laputopu si yanu, pemphani kaye kwa eni ake. Njira ina ndi kachipangizo ka USB, koma mwamva kale za bokosi lija. Mukapita kokagula laputopu kapena kachipangizo, nyamulani fulashi yokhala ndi Linux, mupemphe wogulitsa kuti muyese pomwepo, mulembe lsusb kapena lspci -nnk, ndipo ndalama mutulutse mukaona maina a manetiweki pa sikirini.